Kulira kwa Galimoto ya Malemu

"Sunakhudze tizitsulo takumbuyo tija, eti?" anafunsa mayi a makaniko atatsamira chitseko cha galaja.

Makanikoyo anapukuta manja pa ovolosi. "Ndangopaka girisi, amayi."

Linali bodza. Tizitsulo tolumikiza masipuling'i ku thupi la galimoto yakale ya malemu bambo ake tinali titadyeka, mabawuti akungosewera m'mabowo. Iye anadula chitsulo chatsopano, kuboola, kupala, n'kumanga bwinobwino. Takaleto anapatsa ogula zitsulo zakutha, ndipo anali atapita kale ndi ngolo yawo.

"Wachita bwino. Bambo ako anasula okha timeneto, anachita kudula mwendo wa bedi lathu loyamba. Tinkagona chopendekera mpaka iwe kubadwa." Anaseka. "Akamakhota pangodya paja ndinkangomva kwii, kwii, ine n'kuteleka madzi osamba."

Mayiwo analowa, nakhala pampando wakumbuyo, nadzigwedeza. Galimoto inangoti zii. Anadzigwedezanso, nkhope ikugwa.

"Kapena ndi makutu angawa atha?"

Makanikoyo anatola sipanala. "Ndachulutsa girisi. Tadikirani."

Anakwawira kunsi ndi sipanala, napukuta girisi yense, namasula nati ya pabawuti pang'ono. Akanachita zimenezi wantchito wake, bwenzi atamuchotsa tsiku lomwelo.

Kwii. Kwii.

"Ndi omwewo," anatero mayi ake chapansipansi. "Za manja a bambo ako sizitha, mwanangu. Ukanaika zako, bwenzi nditadziwa."

Iye anakhalabe kunsi kwa galimotoyo, akunamizira kufunafuna sipanala imene inali m'manja mwake.