Uthenga wa Maliro a Bambo Shaba

Esme ankakonza zithunzi zoti aike pa webusaiti ya bungwe la amalonda a matabwa ku Mzimba pamene a Mhango, wapampando wa bungwelo, analowa mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mwana wanga, lemba uthenga wa maliro. A Tumbikani Shaba atisiya. Lole yawo yagwera kuphompho ku Chikangawa."

Esme anasiya zithunzizo n'kuwayang'ana. A Shaba ndi amene dzulo lake anaimirira pamsonkhano n'kulumbira kuti akatchula kupolisi anthu amene akutentha dala nkhalango.

"Ngoziyo yachitika nthawi yanji, bambo?"

"Iwe lemba basi. Koma usautulutse, ndikuuza ndine nthawi yake."

A Mhango anaima kumbuyo kwake, jekete lawo likununkha utuchi ndi dizilo, mpaka Esme anasankha chithunzi cha a Shaba akumwetulira n'kuchizunguliza mzere wakuda.

Pomwepo foni yake inalira patebulo. Anaiyankha msanga asanaone n'komwe dzina.

"Esme, ndine Shaba," anatero mawu ansangala, injini ikulira chapansipansi. "Ndikunyamuka kumene pa Boma, ulendo wa ku Chikangawa. Zamsonkhano zija waikapo?"

Dzanja la a Mhango linatera paphewa pake, lolemera ngati chipika.

"Bambo, tsikani m'lolemo! Musapite!" anakuwa Esme.

A Mhango anamulanda foniyo mofatsa, naizimitsa, n'kuilonga m'thumba mwawo. Kenako anakoka mpando n'kukhala pambali pake.

"Mbwenu tipitirize," anatero, akusakaniza ndi Chitumbuka. "Uwonjezerepo kuti anali munthu wolimba mtima chomene."