Apongozi Mubogi Ina, Mkamwini Mubogi Ina

Panali munthu wina ku Amerika, cha m'ma 1980 umu, dzina lake Patson. Izi si zopeka, anandiuza ndi munthu amene ankapemphera naye. Ankagwira ntchito ku Foggy Bottom koma ankakhala ku Cheverly, kunja kwa tauni.

Mkazi wake Felistas atachira, amayi ake anabwera kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera kakhanda ka Doris. Loweruka lina Patson anawatenga kukawaonetsa tauni.

"Musitima mukhale nawo mpando umodzi," anatero Felistas. "Chingerezi sachimva."

"Ine kukhudzana mapewa ndi apongozi? Iwe, ndinaleredwa ine!"

Anazungulira tauni mpaka nsapato kupempha chikhululukiro. Pobwerera, Patson anawakweza apongozi bogi yakutsogolo, iye nalowa yakumbuyo. Anawauza maso ali pansi: "Mukaona ndatsika, nanunso mutsike."

Koma akanamuona bwanji? Nawonso analeredwa! Mkamwini sayang'anitsitsidwa. Mayiwo anatembenukira kukhoma.

Pa Cheverly Patson anatsika. Apongozi zii. Woyendetsa anangoti, "Dooz klozin'!" Chitseko tseke! Sitima vuu, kumapita ndi mpango wa apongozi pawindo.

Patson anakwera yotsatira mpaka kumathero, ku New Carrollton. Kulibe. Mayi sanatsike, sitima inabwerera nawo. Anaithamangira kulowera kutauni. Ali pakati panjira, anangoona mpango uja ukudutsa musitima ina, ukubwereranso. Iye uku, iwo uko. Iye uko, iwo uku. Anatuluka thukuta lokwana kuchapira bulangete.

Anaimba foni kunyumba.

"Felistas, kodi amayi... afika?"

"Afika ndi ndani? Patson, amayi anga ali kuti? Musabwere kuno nokha, mwamva?"

Atabwerera pa Cheverly, anangodzigwetsa pabenchi pomwepo. Sitima iliyonse ikaima, ankasuzumira m'mawindo ngati wogulitsa nthochi pa depoti. Dzuwa litapendeka, uwo mpango! Anadziponya mkati ngati thumba la chimanga, chitseko n'kumuluma jekete.

Apongozi anali atafota, milomo gwaa, mapazi atatupa. Patson anagwada pakati pa azungu n'kuyamba kuomba m'manja.

"Pepani amayi, ndimati ulemu..."

"Bambo a Doris," anatero mayiwo ndi mawu otheratu, "ulemu wanuwu wandionetsa mtsinje umodzimodzi mpaka ndaudziwa ngati wakwathu. Khalani apa."

Anamasula nsonga ya chitenje n'kumumanga nayo palamba, mfundo ziwiri. Ndipo poti sitimayo inali yolowera kutauni, anayambanso ulendo wonse, apongozi akuliza mkonono paphewa la mkamwini.

Phunziro: Mwambo ndi wabwino, koma sitima sidikira kuti muthe manyazi. Mlendo wosadziwa njira khalani naye pafupi, kaya ndi apongozi, ndipo mkazi wanu akakuchenjezani, imvani. Uzaniko akamwini onse, asanataye amayi a eni.