Mayi ndi Mpira wa pa Wailesi

"Dinani Ctrl ndi H," anatero mlembi wa mu ofesi, akuloza pa kompyuta ya mkulu wake wa ntchito. "Pamwamba lembani 'bambo', pansi 'mayi'. Basi."

Mkuluyo anadina. M'kuphethira kwa diso, mbiri yomwe anawerenga pamaliro a bambo ake inasanduka ya mayi ake, omwe ankaikidwa mawa lake. Nanga akanalembanji za munthu amene sankamuyendera?

Pamaliropo anawerenga bwinobwino mpaka anagwera pamzere womwe sanauone: "Mayi sankaphonya mpira pa wailesi." Thukuta linamutsika.

Atatha, mlongo wake anamugwira dzanja akulira.

"Achimwene, mundikhululukire, ndinkati munawataya mayi. Munadziwa bwanji kuti chimwalirireni bambo, mayi ankatsegula wailesi ija nthawi ya mpira, ati azimva ngati bambowo akadalipo?"