Purosesa ya Mitu Iwiri

Chala cha injiniya chinauma pa mzere umodzi wa pulogalamu. Unali mzere wa kauntala ya mumtima mwa makina a mpweya, yowerenga ntchito zimene zikugwiritsa chigawo chimodzi cha memore, malo amene makinawo amasungira zimene akuchita. Ikafika pa ziro, chigawocho chimafufutidwa.

Anailemba yekha, osaitchinga kuti ntchito ziwiri zisaikhudze nthawi imodzi. Purosesa, ubongo wa makinawo, imene ankayesera inali ya mutu umodzi, choncho ntchito zinkadikirana.

"Bwana, m'makina tinatumiza kuchipatala aja muli purosesa iti?"

Bwanayo sanasiye n'kutafuna komwe. "Tinasintha. Tinaika ya mitu iwiri ija, yotchipa komanso yachangu. Bwanji, waona mzukwa?"

Mitu iwiriyo ikawonjezera pa kauntala nthawi imodzi, ntchito imodzi siwerengedwa. Kauntala ifika pa ziro msanga, memore ifufutika ntchito ili mkati, mpweya n'kuduka.

Dzulo lomweli injiniyayo anaima pambali pa khanda la mlongo wake, lobadwa masiku osakwana, timachubu tili m'mphuno, n'kudziguguda pachifuwa: "Musaope achemwali, makinawa ndinapanga ndine."

Foni inayamba kunjenjemera patebulo. Anali achemwali.