Ululu wa Hidaya

"Kukuwawabe?" anafunsa nesi Enid.

"Kwanyanya," anayankha Hidaya, maso ali pansi. "M'chinena mukuyaka moto. Kukhala pampando sikutheka, pokodza ndiye nkhondo."

Nesiyo anapukusa mutu. Chiyambire dzinja, mayi wa ku Katuli ameneyu sanajombepo ku mafizo a amayi pa kachipatala aka. Ankatchera khutu kuposa anzake onse, n'kumafunsa mobwerezabwereza mpaka kutopetsa: kumanga minofu ya kumunsi ngati ukugwira mkodzo, kudikira pang'ono, kumasula. Anzake ankachira n'kumapita. Iye ayi.

Pawindo pankaoneka mwamuna wa Hidaya, Che Uladi wa kabaza, ali chiimire pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili ndwii. Benchi inalipo, koma sankakhalapo. Amayi a pamzere ankamudya miseche. Mwamuna wanji woyendetsa mkazi wodwala wapansi, njinga akungoikankha?

"Ine zandikanika," anatero nesi. "Ndikutumizani kuchipatala chachikulu ku boma. Mwina pafunika opaleshoni."

Hidaya anagwada pasimenti, misozi ili mbwee.

"Mpeni ayi, amayi, chonde. Wallahi, munthu angafe ndi mantha okha. Pakhomo pathu zinthu zaima, ana akugona ndi njala. Ndiphunzitseni zina, ndikayesa."

Nesi anamugwira paphewa. Anafotokoza kuti ululu wina umabwera chifukwa minofu inamangika kale, ndipo ukamaimanga ndiye kuti ukuwonjezera matenda. Wotero amafunika kuphunzira kumasula basi, kupuma modekha mpaka m'mimba, ndipo ambiri amapeza bwino osaona mpeni.

"Koma ine sindilota. Nthawi zonse mumakana kuti ndikuyezeni. Manyazi anapha lambe, mayi. Lero gonani pabedipa, apo ayi mawa ulendo wa ku boma."

Hidaya anayang'ana bedi, kenako pawindo. Mantha ndi mkwiyo zinamugwira pamodzi. Miyezi yonseyi, zimene ankapita nazo kunyumba mosamala chonchija n'zimene zinkakulitsa ululu. Anadzuka msangamsanga, n'kutsegula chitseko pamaso pa amayi onse a pamzere.

Che Uladi anabwera pang'onopang'ono, miyendo ili tang'a, dzanja lili pachinena.

"Bambo a Dinala, lowani," anatero Hidaya. "Ndatopa kudwala m'malo mwanu. Auzeni nokha pamene pakuwawa."