Amene Anamukweza Ndege Hamilton

Loya anakankhira pepala kwa Evelina n'kuloza ndime yachitatu ndi cholembera. Evelina anaiwerenga kawiri, mtima ukuwira. Mwamuna wake Hamilton analemba ali ku Lilongwe kuti anachoka ku Amereka mwa kufuna kwake, palibe amene anamukakamiza.

"Bodza ili," anatero Evelina. "Akungomuikira kumbuyo mkazi ameneyo."

Mlamu wake Tusekele, mlongo wa Hamilton, anali pampando wa pambali, chikwama chili pamiyendo, maso pansi. Anayendetsa galimoto maola atatu kuchokera ku South Bend kudzasayina kalata ya umboni, koma chilowereni mu ofesiyo, m'katikati mwa Indianapolis, Evelina anali asanamuyang'ane kumaso.

Nkhani yake inali yopsetsa mtima chifukwa inali yopeweka. Hamilton anabwera pa viza ya sukulu, sukulu inamukanika, boma linamulembera kuti nthawi yake yatha, iye n'kukhalabe zaka zina ziwiri. Atakwatira Evelina, namwino amene anali kale nzika, mapepala analowa ndipo ankayenda bwino. Kunangotsala miyezi yochepa. Lamulo linali limodzi lokha, loti ngakhale mwana akhoza kulisunga: asatuluke m'dziko muno. Akangotuluka, chitseko chitsekeka zaka khumi.

Ndiye kumudzi kunagwa maliro, ndipo Hamilton anatuluka.

Tsopano patha zaka zitatu. Mwana wawo Shalom anabadwa patadutsa milungu itatu bambo ake atanyamuka, ndipo mpaka lero ukamufunsa kuti dadi ali kuti amaloza foni. Pempho loyamba loti boma limukhululukire Hamilton, limene amati weva, linakanidwa. Melissa, loyayo, mzungu wolankhula mosapsatira, anati kalata zawo zinali zaulemu mopitirira muyeso. Boma linkafuna kumva mmene Evelina akuvutikira, iwo n'kulemba kuti tili bwino, Mulungu akutisunga, ngati akuyankha moni wa pamsewu. Ulendo uno Melissa ankafuna chilungamo chonse, kuyambira tsiku limene munthu wanzeru zake anataya mapepala n'kukwera ndege. Boma likakananso, ndiye kuti zaka zina zisanu ndi ziwiri.

Evelina sanachite kufunsidwa kawiri. Anati Hamilton poyamba anakana kupita. Anafotokoza bwinobwino za lamulolo, anati atumiza chipepeso, adzakaona manda zinthu zikakhala m'malo. Koma panali mkazi wina amene sankamva zimenezo. Mkazi wophunzira, wodziwa malamulo a kuno, amene anasankha kuopa pakamwa pa anthu a kumudzi kuposa boma la Amereka. Kwa iye nkhani inali yoti adzukulu akukumba manda, anthu akuwerenga nkhope pasiwa, ndiye banja lonse la ku Amereka lisaoneke ngakhale mmodzi? Anamuimbira Hamilton kasanu ali kuntchito. Atapanda kuyankha, anamusiyira uthenga wa mawu, ndipo mawa lake Hamilton anali kulongedza.

"Alamu, zisiyeni," anatero Tusekele motsitsa mawu. "Madzi akatayika saoleka. Tiyeni tingofayila, zinazi n'zakale."

"Kwa inu n'zakale," Evelina anayankha, maso ali pawindo. "Ine ndimadzuka nazo, kupita nazo ku shifiti, kubwera nazo. Inu si amene munakamusiya Hamilton pa bwalo la ndege? Munaona mmene ankalirira. Ndiye lero mukuti tizimunyengerera munthu ameneyo?"

Tusekele anakumbatira chikwama chake.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Evelina n'chakuti aliyense anamukhululukira mkaziyo. Abusa anati zinachitika chifukwa cha chisoni. Amayi a kutchalitchi anati aliyense akanatero. Hamilton mwiniwake, amene tsopano amagona m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mnzake ku Area 25, sanamudzudzulepo ngakhale tsiku limodzi. Anthu abwino amatopetsa. Evelina ankafuna mmodzi yekha woti aimirire n'kunena kuti mayi iwe, unapasula banja ndi pakamwa pako. Poti panalibe, ntchitoyo ankaigwira yekha, ndipo sinkamuthera.

Melissa anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati uthengawo ulipobe. Anati sungasinthe lamulo, koma ungathandize kuonetsa kuti Hamilton sanali munthu wonyoza boma. Evelina anatulutsa foni. Anali atasintha mafoni kawiri, koma uthenga umenewo sanaufufute. Tusekele anatambasula dzanja kuti amuletse, Evelina n'kulikankha. Anaika foniyo patebulo, pamwamba pa kalata ya Hamilton, n'kudina.

Mawu a mkazi anadzaza ofesi, akunjenjemera ndi ukali. "Ndiwe mwamuna wanji iwe, wobisala kuseri kwa mapepala anthu akukumba manda? Mlongo wako akukunamiza kuti usapite. Ine ndi mimba iyi sandilola kukwera ndege. Bambo anga akalowa m'manda iwe kulibe, usadzanditchulenso mkazi wako."

Melissa sadziwa Chichewa ngakhale liwu limodzi, koma mawuwo anawazindikira. Anasiya kulemba n'kuyang'ana Evelina.

"Lembani dzina lake," anatero Evelina. "Muli nalo kale pamwamba pa fomu."