Moto Wachitatu

Lamulo linkalola banja kusonkha moto kawiri pa sabata. Kamakina ka padenga kakanunkhiza utsi wachitatu, mpope wa pakhomopo unkatsekedwa mwezi wathunthu.

M'mawa wina wozizira mkazi wa Malizani anachira, koma khandalo linkangonjenjemera. Moto wachiwiri anali atasonkha dzulo lake.

"Amayi, musayatse," anatero Malizani, atagwira dzanja la mayi ake, mayi Esinala. "Nkhalango ija tinaitha ndife. Lamuloli tinaliputa tokha."

"Mwana wabadwa leroyu wadula mtengo uti?" anafunsa mayi Esinala. "Ndisiye. Tenga ndowa zonse ukatunge msanga."

Malizani anaona milomo ya khandalo ikuda. Anatola ndowa n'kuthamangira kumpope.

Ndowa yachitatu isanadzaze madzi analeka, ndipo m'nyumbamo mwana analira mwamphamvu.